Za Chigongono Changa ndi Katheta ya Paphewa

Ndalemba izi pofuna kuika m'ndondomeko nkhani ya mkono wanga wamanja, popeza anthu akhala akuifotokoza mosiyanasiyana, ena moonjezera, makamaka mayi a kunyumba kwanga.

Poyamba ndidzifotokoze. Ntchito yanga ndi yonola macheka. Ndinachoka kwathu ku Dedza kudzafuna ntchito ku nkhalango za paini za ku Viphya, ndipo ndinakhazikika ku Luwawa, komwe ndinakwatira mayi wochokera ku Edingeni. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi. Kalembedwe kamene mukukaonaka ndinakaphunzira pa bolodi la zidziwitso la pa ofesi ya kuntchito. Kalata iliyonse imene inkakhomedwa pamenepo ndinkaikopera m'kope langa pa nthawi ya nkhomaliro, kuyambira pa adiresi mpaka pa siginecha. Patapita zaka, anzanga a pa macheka anayamba kubwera kwa ine kuti ndiwalembere makalata opempha tchuthi, opepesa, ndi odandaula. Sindikudzitama, koma palibe kalata yanga imene inabwezedwapo chifukwa cha kalembedwe.

Ngozi inachitika m'nyengo ya mvula. Ndikutsika pa mulu wa zipika ndinaponda khungwa lonyowa, ndinaterereka, ndipo thupi lonse linatsamira pa chigongono chamanja. Fupa linasweka. Ku Mzimba anandiika chikhakha, ndipo fupalo linalumikizana bwino lomwe. Pochotsa chikhakhacho anandilangiza kuti ndizipinda mkonowo tsiku ndi tsiku. Ndiyenera kuvomera pano kuti ndinayesa masiku awiri okha. Ululu wake unali woti munthu aitane makolo ake amene anamwalira kalekale, motero ndinaganiza zoupatsa mkonowo tchuthi kufikira utaleka kupweteka. Kupweteka unalekadi, koma kupinda nako unaleka. Unauma uli chiwongokere ngati mpini wa khasu.

Anthu amene zigongono zawo zili bwino sadziwa kuti chiwalo chimenechi chimagwira ntchito zingati. Dzanja langa linkafika m'mbale popanda vuto, koma kuchokera m'mbale kupita kukamwa linalibe njira. Kulemba ndinkalemba nditaimirira, pepala lili pa mpando. Chachikulu koposa chinali ntchito. Tupa lonolera macheka limayenda chamtsogolo ndi cham'mbuyo, ndipo chimene chimaliyendetsa ndi chigongono. Akapitawo athu, munthu wabwino mtima, anandipatsa tsache kuti ndizisesa utuchi ndi dzanja lamanzere poyembekezera kuchira, koma anandiuza mosabisa kuti macheka sangadikire mpaka kalekale, ndipo kuti mkonowo ukapanda kupinda adzafuna wonola wina.

Ndili m'maganizo amenewa, tinamva kutchalitchi kuti pa chipatala china cha kumwera kwa boma lathu lino pabwera madokotala a mafupa ochokera kunja, amene akhale masabata awiri okha. Tinanyamuka, ine ngati wodwala, mayi a kunyumba ngati gadiyani.

Atandijambula ndi kundipima, anandigoneka m'wodi ya amuna. Lachiwiri m'mawa gulu la madokotala linaima pa bedi langa, ndipo mmodzi wa kuno kwathu anamasulira. Anati mawa lake adzang'amba chigongonocho ndi kuchotsa minofu youma ndi tizidutswa ta fupa timene tinkachimanga. Koma anatsindika kuti opareshoniyo ndi theka chabe la ntchito. Kuyambira tsiku lotsatira, bala likadali laliwisi, mkonowo uyenera kupindidwa ndi kuwongoledwa kangapo pa tsiku, apo ayi udzaumanso, mwina kuposa poyamba.

Ndinakumbukira masiku awiri aja ndipo nkhope yanga iyenera kuti inaonetsa, chifukwa bambo wina wamfupi amene anaima kumbuyo anandigwira paphazi. Ameneyu anali dokotala wogonetsa odwala ku fiyeta, chipinda chochitira opareshoni, Mtumbuka woseka msanga.

"Za ululu musadandaule, bambo. Tidzakuikani katheta ya masiku anayi kapena asanu. Mbwenu mudzapinda mukuimba nyimbo. Pali funso?"

"Palibe, adokotala. Zikomo kwambiri."

Funso linalipo. Mawu akuti katheta ndinali ndisanawamvepo. Koma lamulo limene ndinadziikira pa zaka zanga zonse za ntchito ndi lakuti pamaso pa akuluakulu munthu safunsa tanthauzo la mawu. Umavomera mwaulemu, kenaka umakafufuza padera.

Kofufuza sikunali kutali. Pa bedi loyandikana ndi langa panagona bambo wina wachikulire wa ku Engutwini, mwini ng'ombe zambiri malinga ndi kunena kwake. Atamva kuti ndinakwatira ku Edingeni, anayamba kunditchula kuti mkweni, ndiye kuti mkamwini, ndipo ankandituma kukoka katani ngati ndinakwatiradi mwana wake. Madokotala atatuluka ndinamuyandikira.

"Adada, mundikhululukire. Kodi katheta ndi chiyani?"

Maso ake anawala. "Mkweni, mwafika pa ofesi yeniyeni. Katheta ni iyi."

Anatukula m'mphepete mwa bulangete. Pansi pa bedi panalendewera thumba la pulasitiki lodzaza theka ndi madzi achikasu, ndipo paipi yonenepa ngati bolopeni inkachokera m'thumbamo kukwera kulowera kumene sindingakutchule.

"Nanga imalowera pati?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinali kuliona.

"Pomwe madzi amatulukira, mkweni. Khomo ni limodzi."

"Koma ine vuto langa ndi chigongono."

"Naneso ndinabwera ndi msana. Onani lero."

"Amaika ndani?"

"Tiasungwana tomweti ta zovala zoyera. Musaope, ali ndi manja ofewa chomene. Mumangoyang'ana kudenga n'kumawerenga malata."

Ndinabwerera pa bedi langa ndi kuisinkhasinkha nkhaniyo mbali zonse. Sindinapeze ubale uliwonse pakati pa chigongono ndi dera limene linatchulidwalo. Ndinaganiziranso kuti anamwino a m'wodimo anali a msinkhu wa ana anga aakazi. Opareshoni ndinkaifuna ndi mtima wonse, koma chinthu chinacho ayi. Mayi a kunyumba anali atapita kukachapa, motero panalibe wondiletsa. Ndinatulutsa pepala la mizere, ndinaliika pa bedi, ndinaimirira, ndi kulemba motere:

"Kwa Mkulu wa Wodi ya Amuna. Wokondedwa Bwana kapena Mayi, KUKANA CHITHANDIZO. Potsatira zokambirana zathu za m'mawa uno, ndalemba kukudziwitsani mwaulemu kuti, nditaganizira mofatsa, sindili wokonzeka kulandira chithandizo chimene chinatchulidwa pa zokambiranazo, pa zifukwa za ine mwini. Ndidzathokoza kwambiri pempho langali likaganiziridwa."

Owerenga aona kuti chinthucho sindinachitchule dzina. Ndinachita dala. Kalata ya ku ofesi imadutsa m'manja ambiri, ena a amayi, ndipo imasungidwa m'fayilo kwa zaka. M'makalata onse amene ndinakopera pa bolodi lija sindinaonemo ndi imodzi yomwe yotchula za kumunsi kwa lamba.

Namwino wamkulu anaiwerenga kawiri.

"Bambo, mwatsimikiza? Mwachokera kutali, ndipo mwayi uwu subwera kawirikawiri."

"Zonse zili m'kalatamo, mayi."

"Ndikuitanireni adokotala mukambirane?"

"Palibe chifukwa chovutitsira akuluakulu. Kalatayo ikudzifotokoza yokha."

Anaipinda ndi kupita nayo. Ine ndinakhala pansi ndi mtima wa munthu amene wamaliza ntchito yake mwadongosolo.

Lachitatu m'mawa ndinasamba molawirira, ndipo sindinadye kanthu monga mwa malangizo a odwala opita ku fiyeta. Mayi a kunyumba anabwera chimanjamanja, popanda ngakhale tiyi, ndipo tinapemphera. Machila a matayala analowa m'wodi, anadutsa bedi langa, n'kukanyamula munthu wina wa kumapeto. Anabweranso kachiwiri, anadutsanso. Kenaka namwino wamng'ono anaima pa ine ndi ndowa ya phala.

"Bambo, kapu yanu ili kuti?"

"Pepani, ine sindikudya. Ndili pa mndandanda wa lero."

"Dzina lanu linafufutidwa dzulo. Paja munakana opareshoni."

Mayi a kunyumba anatembenuka pang'onopang'ono. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndaona kuti iwowa akayamba chiganizo m'Chichewa n'kuchimaliza m'Chitumbuka ndiye kuti zinthu zaipa. Tsiku limenelo anayambira m'Chitumbuka momwemo.

"Mwalemba vichi, adada?"

"Kalata yaifupi chabe, amama, yokhudza mbali imodzi ya..."

"Imwe na makalata ghinu! Ndachoka pang'ono kukachapa malaya anu omwe, inu mwakana mkono? Ndidzakudyetsani ndi supuni mpaka liti? Mukufuna mukafere pa tsache la utuchi?"

"Opareshoni sindinakane. Ndinakana chinthu china."

"Chinthu chanji?"

Wodi yonse inkamvetsera. Ndinaloza ndi maso pansi pa bedi la bambo a ku Engutwini. Iwo, pofuna kuthandiza, anatukulanso bulangete.

Mayi a kunyumba anaimirira. Anamanga chitenje n'kutuluka. Ndinamva pambuyo pake kuti anakakhala pa benchi la pakhomo la fiyeta kuyambira nthawi imeneyo mpaka masana, ndipo aliyense wotuluka atavala chophimba kukamwa ankamuuza kuti, "Ndapota, ndikufuna dokotala wamfupi uja."

Dokotala wogonetsa uja anabwera cha m'ma wani koloko, atavala zobiriwira za ku fiyeta, kalata yanga ili m'dzanja limodzi, kapaketi kena m'dzanja linalo. Anakhala pa bedi langa.

"Bambo, kalata iyi ndi yokongola. Ine chiyambire ntchito sindinalandirepo yotere. Koma tandiuzani, chithandizo chimene chinatchulidwa ndi chiti? Paja dzulo tinatchula zambiri."

Ndinayankha motsitsa mawu kuti ndi katheta.

"Mukuiopa chifukwa chiyani?"

"Sindikuiopa, adokotala. Ndikungoona kuti malo ake ndi olakwika."

Anayang'ana ine, anayang'ana mnansi wanga amene anali atadzuka kale ndi kutchera khutu, anayang'ana thumba lija, ndipo anaseka mpaka anachita kupukuta misozi ndi kalata yanga yomwe. Atapuma anapepesa. Anati cholakwa ndi chake, chifukwa anaponya mawu a ku sukulu n'kuthamangira bedi lina. Anafotokoza kuti kuchipatala katheta ndi dzina la kapaipi kalikonse kolowa m'thupi, kaya kotulutsa madzi, kaya kolowetsa mankhwala. Kenaka anang'amba kapaketi kaja, kamene anati n'kophunzitsira, n'kundiika m'dzanja kachingwe koyera, kopyapyala ngati kowedzera nsomba ku damu la Luwawa. Ndinachita kuyandikitsa kumaso kuti ndikhulupirire kuti mkati mwake muli bowo.

"Yanu ndi iyi. Imalowa apa." Anandigwira pansi pa fupa lopingasa lija la m'munsi mwa khosi, chakuphewa. "Pamenepa pamadutsa mitsempha yopita ku mkono wonse. Sindikunena ya magazi, koma yomvera. Inu ndinu munthu wa makalata, ndiye ndinene chonchi. Ululu ndi kalata ya chidandaulo imene chigongono chimalembera mutu. Mtsempha ndiye mesenjala. Kapaipi aka kamagona pambali pa mesenjalayo n'kumamudonthezera mankhwala a dzanzi pang'onopang'ono, usana ndi usiku. Chigongono chizilemba mmene chingathere, makalatawo safika."

"Bwanji osangobaya jakisoni mmodzi?"

"Jakisoni mmodzi amatha tsiku lomwelo, mawa lake muli kulira. Ife tikufuna masiku angapo oti mupinde."

"Ndiye buluku silikukhudzidwa?"

"Buluku lanu ndi lanu, bambo."

"Mwamunyengerera mkweni wanga," anadandaula bambo a ku Engutwini. "Ine bwanji simunandipatse ya paphewa?"

"Inu adada, mukadzayamba kukodzera paphewa mudzatiuze."

Wodi yonse inaseka, ndi ine ndemwe pang'ono. Koma kuseka kunatha msanga, chifukwa dokotalayo ananena kuti malo anga anapatsidwa kale kwa mayi wina wopsa dzanja, ndipo mndandanda wa Lachinayi ndi wa Lachisanu unali wodzaza. Lachisanulo linali tsiku lomaliza la maopareshoni a mtundu wanga, popeza alendowo ankafuna sabata yawo yachiwiri ikhale yoyang'anira amene ang'ambidwa kale. Anati akandilemba pansi penipeni, ndipo ndikalowa pokhapokha wina akalephera.

Ndinapempha kuti ndilembe kalata yachiwiri yofafaniza yoyambayo.

"Yayi, ndapota. Nenani ndi pakamwa. Mukufuna opareshoni?"

"Ndikufuna."

"Ndi katheta yomwe?"

"Ya paphewa."

"Mbwenu kalata yatha."

Iye atangotuluka, mayi a kunyumba anatsegula kabati ya pambali pa bedi, anatenga mapepala anga onse ndi mabolopeni awiri, n'kuzimanga pa nsonga ya chitenje.

Lachinayi linali tsiku lalitali. Si bwino munthu wopemphera kulakalaka kuti mnzake adwale, ndipo sindinalakalake. Ndinangodzipeza ndikumvetsera mwachidwi aliyense wa pa mndandanda akatsokomola. Lachisanu ndinakhalanso osadya, ndikuyang'ana machila akulowa ndi kutuluka. Dzuwa litapendeka, ine nditayamba kale kukonza m'mutu mawu okauza akapitawo, namwino wamkulu analowa mofulumira. Bambo wina wa pa mndandanda anali atapezeka ndi malungo, ndipo anamuimitsa kufikira atachira.

"A kalata, vulani malaya. Ndipo musalembe kanthu."

Kapaipiko anandiika ndili maso. Anandigoneka chagada, anandipaka mankhwala ozizira paphewa, ndipo dokotala uja anayendetsapo kachipangizo ka makina aja amaunikira amayi oyembekezera. Pa galasi panaoneka zinthu zotuwa ngati mitambo.

"Mimba mulibe, bambo," anatero. "Koma amesenjala anu ndi awa, timadontho iti."

Anabaya kajakisoni kochititsa dzanzi pakhungu, kenaka singano yaitali imene ndinasankha kusaiyang'ana. Ndinangomva kukankha. Kapaipi kanadutsa mkati mwa singanoyo, singano inatuluka, iko kanatsala, ndipo anakamata ndi pulasitala woonekera mkati. Posakhalitsa zala zinayamba kutentha, kenaka kunyerenyetsa, kenaka mkono wonse unalemera ngati chipika chonyowa. Anandifunsa ngati ndikumva pamene ankanditsina. Ndinayankha kuti sindinalandire uthenga uliwonse. Zitatero anandigonetsa.

Nditatsitsimuka ndinali m'wodi. Mkono unali pa pilo, wokulungidwa mabandeji, ndipo ndinauyang'ana ngati katundu amene munthu wina waiwala pa bedi langa. M'khosi anandikoleka kathumba kansalu. Mkati mwake munali botolo, ndipo mkati mwa botolomo munali chinthu chonga baluni chodzaza mankhwala, chimene chinkaphwa pang'onopang'ono pokankhira mankhwalawo m'kapaipi. Sichinkafuna magetsi kapena batire.

Mayi a kunyumba anagwira zala zanga, anazifinya, anazitsina, ine osagwedezeka.

"Anesi! Woko lafwa! Mkono wafa uwu!"

"Sunafe, amama, ndi dzanzi chabe," anayankha namwino. "Gwirani, ukutentha. Koma muusamale ngati khanda, chifukwa pakali pano sungadzidandaulire. Asaugonere, usalendewere, kapu ya tiyi wotentha isayandikire. Pulasitala wa paphewayo asanyowe, ndipo kapaipiko asakakoke."

Malangizo amenewa ndikanakonda kuwalemba, koma zolembera zinali m'manja mwa boma lina.

M'mawa mwake munabwera mayi wa mafizo, wopinda ndi kuwongola ziwalo zouma, wamtali, wosaseka pa ntchito. Anamasula mabandeji akunja, anagwira mkono wanga pamwamba ndi pansi pa chigongono, n'kuyamba kuupinda. Ndinatseka maso ndi kuluma mano, kudikira ululu uja ndinkaudziwa. Sunabwere. Nditatsegula maso ndinaona dzanja langa, limene kwa miyezi yambiri linkakhala kutali ngati wachibale wa ku Joni, likubwera cha kumaso kwanga. Ndinkamva kukoka kwinakwake patali, ndiponso kulira kwa mkati ngati chitseko cha dzimbiri, koma kupweteka ayi.

"Cholinga chathu ndi chakuti chala chachikulu ichi chigunde mphuno," anatero mayiyo. "Lero chatsala ndi dzanja lathunthu. Tizichita kanayi pa tsiku. Pamene ine palibe, gadiyani ndi amene azipinda."

Anawaphunzitsa mayi a kunyumba pogwira ndi polekezera. Ndiyenera kunena kuti iwowa anaigwira ntchitoyo ndi changu chimene chinandikayikitsa ngati nkhani ya kalata ija inali itathadi mumtima mwawo.

Masiku amenewo anali okoma modabwitsa. Ndinkayenda m'khonde ndi kathumba kanga m'khosi, mkono uli pa nsalu yokolekera, ndipo magadiyani a m'mawodi ena ankabwera kudzaona munthu amene anang'ambidwa dzana koma akucheza ngati ali pa ukwati. Ndinkawafotokozera za mesenjala mwatsatanetsatane. Bambo a ku Engutwini ankamvetsera ndi nsanje.

"Katheta yanu nja ulesi, mkweni. Yanga imagwira ntchito, thumba limadzaza kawiri pa tsiku. Yanu botolo limodzi masiku onsewa?"

"Ntchito zake n'zosiyana, adada. Yanu ndi yotulutsa, yanga ndi yolowetsa."

"Tisinthane tsiku limodzi, ndikupatsani thole la ng'ombe."

"Nkhani imeneyo muitengere kwa gadiyani wanga."

Dokotala wogonetsa ankabwera m'mawa uliwonse kudzaona ngati pakhungu pafiira kapena patupa, ndiponso kundifunsa ngati ndikumva kulira m'makutu kapena dzanzi pamilomo, zimene anati zikachitika ndiitane namwino nthawi yomweyo. Sizinachitike. Botolo litaphwa analisintha kamodzi, ndipo lachiwirilo anati mankhwala ake ndi ochepa mphamvu, kuti ndiyambe kuyendetsa mkonowo ndekha. Zala zinadzuka, ndipo ndinayamba kuthandizana nawo opindawo.

Pa tsiku lachisanu chiikireni kapaipiko anabwera kudzakachotsa. Ndinafunsa ngati sikungatheke kuonjezera sabata ina. Anakana, nati kapaipi kakakhalitsa kamaitana matenda pabowopo. Anamatula pulasitala, anakoka, ndipo kanatuluka ngati ulusi pa malaya, osamva kanthu. Anandionetsa nsonga yake kuti ndichitire umboni kuti katuluka konse.

"Tsopano mesenjala wadzuka," anatero. "Konzekani kulandira makalata."

Anafika madzulo omwewo, onse pamodzi, ena olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Anandipatsa mapiritsi, ndipo ankathandiza ndithu, koma mafizo a tsiku lotsatira anali nkhani ina. Mayi uja atangopinda kufika pakati, thukuta linatuluka thupi lonse, ndipo ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti mwina tiupatse mkonowu masiku awiri opuma.

"Tchuthi munaupatsa kale chaka chatha," anatero mayi a kunyumba, amene ndinali nditawaululira zonse. "Pindani, mayi. Akalira ndiwapukuta."

Kusiyana kwake ndi nthawi yoyamba ija kunali kwakuti tsopano ndinali nditaona ndi maso anga kuti mkonowo ungathe kufika. Bala linali litayamba kuuma, kutupa kutachepa, ndipo ululu, ngakhale unali waukulu, unali woti munthu n'kuupirira akuwerenga mpaka khumi. Ndinkawerenga m'Chichewa, mayi a kunyumba m'Chitumbuka, ndipo ndinaona kuti khumi wawo ankachedwa kufika.

Pa tsiku lotuluka, mayi wa mafizo anaimirira patsogolo panga atapinda manja.

"Nokha tsopano. Mphuno."

Ndinakweza dzanja. Linabwera, linabwera, linaima patatsala mpata wa zala ziwiri. Ndinakankha, osatheka. Pamenepo chala chinagunda mphuno.

"Bambo, ndinati dzanja lipite ku mphuno, osati mphuno ipite ku dzanja. Wongolani khosi."

"Wachita chinyengo mkweni!" anakuwa bambo a ku Engutwini. "Ndamuona ine, wawerama ngati nkhuku pa chimanga!"

Ndinawongola khosi, ndipo mpata wa zala ziwiri uja unabwerera. Mayiyo anaulemba m'kabuku kanga ka chipatala, nati zotsalazo ndikamalizire kunyumba, kanayi pa tsiku, popanda tchuthi. Mpata umenewo unanditengera masabata asanu ndi limodzi kuti nditseke, ndipo mboni ilipo, chifukwa gadiyani sanatule udindo titafika ku Luwawa.

Nditabwerera kuntchito, akapitawo sanandifunse zambiri. Anatulutsa macheka aakulu amene anali atalumphira pa msomali, mano ake ena atapindika, n'kuwamanga pa benchi langa. Anthu a pa shedi anasiya zimene ankachita. Ndinatenga tupa ndi dzanja lamanja. Dzino loyamba linandipweteka mpaka m'khutu, lachiwiri chimodzimodzi, koma pofika lakhumi chigongono chinali chitatenthedwa ndipo tupa linayamba kulira kulira kwake kwa kale. Ntchito imene kale inkanditengera ola limodzi inatenga awiri. Akapitawo anayendetsa chala pa manowo, anakawamanga pa makina, ndipo thabwa loyamba linatuluka losalala, lopanda ndevu m'mbali.

"Mwachedwa," anatero.

"Ndavomera, bwana."

"Mawa muli ndi anayi. Mubwere molawirira."

Pomaliza ndidziwitse owerenga, kuti nkhaniyi ikhale yoona mbali zonse, kuti mkonowu kupinda umapinda, koma kuwongoka suwongoka wonse. Umatsala pang'ono, ndipo mwezi wa Juni kukazizira ku Luwawa umandikumbutsa. Ndikaimirira kutchalitchi, mkono wamanja wa jekete umaoneka wautali kuposa unzake, motero ndinapita nalo kwa telala wina ku Mzimba kuti aupinde pang'ono. Macheka anayi a akapitawo aja ndinawamaliza mawa lake lomwelo dzuwa lisanalowe.